Kamera ya Kaduwa

Ndalama ya mtedza ndinaimanga pansonga ya chitenje,
mfundo ziwiri, yachitatu ya mantha,
n'kutsika kabaza pa Kamuzu Road
dzuwa la Salima litayamba kale kuluma pakhosi.

A Sumani amagulitsa kaunjika wa zamagetsi:
mawailesi osalankhula, matochi, mafoni ong'aluka nkhope,
ndipo pansi pa galasi, pathaulo lakutha,
makamera atatu atagona ngati ana a mphaka.

Yoyamba yakuda bii, yamphuno yaitali.
"Iyi imagwira mbalame ili ku Lifuwu
iwe uli pompano," anatero.
Nditamva mtengo ndinaseka.
Nawonso anaseka. Tinamvana.

Yachiwiri yofiira, yonyezimira ngati nsapato za mkwatibwi.
Batire lake akuti tidzaitanitsa ku Lilongwe.
Liti? "Posachedwapa."
Posachedwapa ameneyo ndimamudziwa,
ndi amene anadya njinga ya malume kwa makaniko.

Yachitatu inali ndi chipsera pangodya,
chivindikiro chomata ndi selotepi,
dzina la mwini wake wakale litafufutika theka.
Imadya mabatire wamba awiri,
omwe ngakhale pa okala ya kwathu ku Khombedza
amapezeka pafupi ndi machesi.

"Ukufuna kujambula chiyani? Maukwati?"
Ayi, zatsiku ndi tsiku:
mng'ono wanga Alinane akuchapa yunifolomu,
mbuzi itakwera panjerwa,
mvula ikamabwera ili chiimire.
Komanso tinthu ting'onoting'ono
timene foni yanga imatisandutsa phala.

Ndinatulutsa singano ya bambo,
imene ndinaiba dala m'mawa pamakina awo.
Ndinati kamera imene ione bowo ili,
imeneyo ndiyo ipite nane.

A Sumani anandilozera kabatani ka kaduwa.
"Dina apa. Fulashi uzimitse.
Zigongono zitsamire pathebulo,
kuwala kubwere cham'mbali,
ndipo usapume."

Ndinayandikira: chifunga.
Ndinayandikiranso: chifunga chokhachokha.
"Bwerera pang'ono, zala zinayi basi.
Ukachipanikiza chinthu chimakubisira nkhope."

Ndinabwerera.
Keche!
Bowo lija linatseguka ngati khomo la nyumba yopanda chitseko,
dzimbiri m'mphepete ngati dothi la katondo,
ndi kaulusi kobiriwira
kotsalira pa diresi la munthu wina.

Anatchula, ndinatchula.
Ndinayamba kuchoka, mwendo ukukana.
Anandiitana ndili pa ogulitsa chinangwa.
Banyira anandiikira kakhadi kosungira zithunzi
ndi kathumba konunkha sopo wa dziko lina.
Pachitenje panatsala ya basi
ndi makwinya a mfundo zitatu.

Bambo ndinawapeza pakhonde la golosale,
phazi likupalasa, mutu uli pansi,
akufupikitsa buluku la mphunzitsi.
Ndinati imani kaye, ndibwerekeni dzanja.
Zala zinayi. Osapuma.

Chala chachikulu chinadzaza galasi lonse:
mizere ngati munda wa mwezi wa Okutobala,
timabowo takuda, tina takale, tina tadzulo,
chikhadabo chong'aluka pamene singano inalowa
chaka chimene ndinapita ku sekondale.
Zaka zonsezi ndakhala ndikudya chala ichi,
kuvala chala ichi, kulembera mayeso chala ichi,
osachiona.

Ndinawaonetsa.
Anasendeza kamera kutali ndi maso, n'kuibwezanso pafupi.
"Munda wa ndani wouma chonchi?"
Ndinati ndi chala chanu, bambo.

Anakhala chete.
Lole ya thonje inadutsa, fumbi n'kukhazikika.
Anafunsa mtengo, ndinawauza theka lake,
anapukusabe mutu.

Kenako anatambasula dzanja lomwelo:
"Singano yanga ija bweza.
Ndipo poti maso wagula,
undilowetsere ulusi.
Kuyambira Isitala bowo limeneli
limandithawa."